KAGALU KAMPHUNO YAIFUPI KAFUNA MBUYE WOLEZA MTIMA

Ku Benoni, m'dziko la South Africa, kuli bungwe lochedwa Pug Rescue South Africa limene lisunga tiagalu ta mtundu wa pug tosowa pokhala, kufikira titapeza mbuye watsopano.

Kagalu kameneka kanacokera ku China, kumene kanali kuleredwa m'nyumba za mafumu, ndipo kanafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Kalemera makilogalamu 6 mpaka 8 cabe.

Bvuto lake lili pamphuno. Galu aziziritsa thupi mwa kupuma wefuwefu, koma mphuno ya pug ndi yaifupi, cotero kutentha konga kwa mu October kukhoza kukapha. Mu 2022, akatswiri a Royal Veterinary College anapeza kuti ku Britain tiagaluti kawirikawiri tikhala ndi moyo zaka zosakwana 8. Eni ake ena atitaya ndalama za mankhwala zikawakulira.

Munthu wofuna kukalera ayenera kukapatsa mthunzi ndi madzi, kupukuta makwinya akumaso kwake, kukayendetsa m'mamawa kapena madzulo, kusakanenepetsa, ndi kukalasitsa katemera wa ciwewe. Sikagwira kalulu, sikapirikitsa anyani kumunda. Wokatenga ayambe waganiza bwino, kuti kangatayidwenso kaciwiri.