Chifefe champikisano chikabwera ndi chilema ku Ontario, mumagogoda pakhomo liti?

Munthu wofuna kugula mfuti ku Canada amasefedwa ngati ufa. Amayamba wachita maphunziro a Canadian Firearms Safety Course n'kukhoza mayeso awiri, olemba ndi ogwira mfuti m'manja. Kenako amapempha laisensi yotchedwa PAL, ndipo apolisi amafukula mbiri yake mpaka kufuna kudziwa za mkazi kapena mwamuna wake, ngakhale amene adalekana naye posachedwa. Wopempha koyamba amadikira masiku osachepera 28, ndipo laisensiyo imatha pakapita zaka 5. Kuyambira pa 18 Meyi 2022, wogulitsa sangapereke ngakhale chifefe wamba asanatsimikize ndi ofesi ya kalembera wa mfuti kuti laisensi ya wogulayo ikugwira ntchito, ndipo sitolo imasunga zolemba za malondawo kwa zaka 20.

Poona kusefa konseku, munthu angaganize kuti mfutiyo nayonso ili ndi ofesi yake yoiyeza isanafike m'sitolo. Palibe. Lamulo la Canada Consumer Product Safety Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa unduna wa Health Canada mphamvu zolamula kuti katundu woopsa achotsedwe pamsika, kaya ndi zidole za ana kaya ndi mipando, koma mfuti ndi zipolopolo zidalembedwa pamndandanda wa zinthu zomwe lamuloli silikhudza. Ofesi ya Chief Firearms Officer wa chigawo cha Ontario, yomwe ili ku Orillia, imayang'anira malaisensi, masitolo a mfuti ndi mabwalo owomberako. Kuti chifefe chanu chikuwombera pambali si nkhani yake. Ife amene tidakulira ku Malawi tidazolowera kuti katundu wachabe timakam'nenera ku Malawi Bureau of Standards kapena ku CFTC. Kuno, pa nkhani ya mfuti, mlandu uli pakati pa inu ndi amene adakugulitsani, ndipo amene ayenera kuuyendetsa ndinu.

Masewera a chifefe champikisano ndi othyola timbale tadongo toponyedwa m'mwamba ndi makina. Alipo a trap, a skeet ndi a sporting clays, ndipo pa trap ndi skeet chigawo chimodzi chimakhala ndi timbale 25. Mu 2008 khonsolo ya Toronto, meya ali David Miller, idathamangitsa makalabu owombera m'nyumba za khonsoloyo, kuphatikizapo ina yomwe inali pa Union Station. A zifefe amasewerera kunja kwa mzinda, monga ku Toronto International Trap and Skeet Club ku Innisfil, komwe kudachitikira mpikisano wowombera wa Pan American Games mu 2015. Mlenje wa abakha akhoza kutha chaka atawombera timabokosi tingapo. Wampikisano amatha zipolopolo zikwizikwi nyengo imodzi, choncho chilema chomwe mlenje sakanachidziwa kwa zaka khumi iye amachiona mwezi woyamba. Mitengo yake nayo si yamasewera: zifefe zimenezi zimayambira pa madola zikwi zingapo, zina zimapitirira madola 20,000, ndipo pamwamba pake pali msonkho wa HST wa 13 peresenti.

Zambiri zimachokera kutali. Beretta ili ku Gardone Val Trompia ku Italy, Perazzi ili kufupi ndi Brescia, Krieghoff ili ku Ulm ku Germany, ndipo Browning Citori imapangidwa ndi kampani ya Miroku ku Japan. Za ku Italy ndi ku Germany zimabwera ndi tizidindo tokhomedwa pachitsulo, chifukwa mayiko amenewa ali m'bungwe la CIP, ndipo lamulo lawo limafuna kuti mfuti iliyonse iwombedwe ndi chipolopolo champhamvu yopitirira muyeso isanagulitsidwe. Canada ndi United States sali m'bungweli. Koma tizidindoto tisakunyengeni. Timangochitira umboni kuti mpope udapirira moto osaphulika. Sitinena kanthu za komwe mpopewo ukuloza.

Pamenepa ndi pomwe pamabadwira mikangano yovuta kwambiri. Chifefe champikisano nthawi zambiri chimakhala ndi mipope iwiri, wina pamwamba wina pansi, yomwe idalumikizidwa kufakitale kuti yonse izimwaza machaka pamalo amodzi. Wolumikizayo akalakwitsa pang'ono chabe, mpope wapansi umamenya pakati, wapamwamba n'kumadutsa pamwamba kapena kumanzere. Mwini mfuti amayamba wadziimba mlandu yekha, anzake akum'seka kuti maso atha. Njira yodziwira zoona ndi bolodi loyesera lomwe makalabu ambiri ali nalo. Mumakhoma pepala lalikulu, kujambula kadontho pakati, kutsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga kuti dzanja lisanjenjemere, n'kuwombera ndi mpope umodzi kangapo. Mukatero mumasintha pepala, n'kuchita chimodzimodzi ndi mpope winawo, pamtunda womwewo, ndi zipolopolo za m'bokosi lomwelo. Pa pepala lililonse lembani tsiku, mtunda, mpope ndi mtundu wa chipolopolo, ndipo mulijambule pafoni. Mapepala obooka amenewa ndi mboni yomwe palibe angaiuze kuti idali ndi tulo.

Zilema zina sizivuta kuona. Mipope yonse iwiri kulira nthawi imodzi mutakhethemula kamodzi, wachiwiri kukana kulira, makoko a zipolopolo kukakamira m'malo motumphira kunja, kachitsulo kolozera ka pamwamba pa mpope kumatuka, mtengo kung'aluka pomwe umakumana ndi chitsulo. Mfuti yolira kawiri kapena yolira yokha poitseka musaiwombenso ngakhale kamodzi. Chotsani zipolopolo, ikani m'chikwama.

Tsopano podandaula pali mbali zitatu: fakitale, kampani yoitanitsa mfutizo kuti zilowe m'dziko, ndi sitolo. Za Beretta, Benelli ndi Franchi zimalowa kudzera ku Stoeger Canada, m'dera la Durham kum'mawa kwa Toronto, pomwe ofesi ya Browning ku Canada ili ku Montreal. Kakhadi ka waranti ka m'bokosi ndi lonjezo la fakitale kapena la woitanitsa, ndipo malire ake amalemba okha: zaka zingati, ziwalo ziti, ndani alipire mtengo wotumizira. N'chifukwa chake mukabwerera kusitolo kawirikawiri mumauzidwa kuti, "Ife sitikonza, tumizani kwa eni ake." Kutumiza n'koyenera ndithu, chifukwa amisiri ndi zipangizo zili kumeneko. Cholakwika ndi kuganiza kuti sitolo yasamba m'manja.

Lamulo la Ontario lotchedwa Sale of Goods Act limati wamalonda akagulitsa katundu wa mtundu womwe amachita nawo malonda, pamakhala pangano losalembedwa lakuti katunduyo ndi wabwino mokwanira kugulitsidwa. Limatinso ngati wogula adanena ntchito yomwe akumufunira nadalira nzeru za wogulitsa, katunduyo ayenera kuikwanitsa ntchitoyo. Ndime 9 ya Consumer Protection Act, 2002 imatseka kakhomo kothawirako: pa malonda a sitolo ndi munthu wogulira yekha kapena banja lake, mawu aliwonse ofafaniza mapangano osalembedwawo alibe mphamvu. Chikwangwani chija tidachizolowera cha "katundu akagulidwa sabwezedwa" chimagwira ntchito ngati mwangosintha maganizo, chifukwa Ontario sakakamiza sitolo kulandira katundu wopanda vuto. Katundu wachilema ndi nkhani ina. Ndiye pogula nenani poyera kuti mukufuna ya mpikisano wa trap, ndipo ngati n'kotheka zilembedwe mu imelo kapena pa lisiti.

Chitetezo chimenechi chili ndi mipata iwiri. Woyamba ndi nthawi. Mukasunga katundu nthawi yaitali osadandaula, lamulo limaona ngati mwamulandira, ndipo mwayi wom'bweza kuti mulandire ndalama zonse umachoka. Chotsala ndi kupempha chipukuta misozi. Wachiwiri ndi wogulitsa. Mukagula kwa mnzanu wa kukalabu, amene si wamalonda, Consumer Protection Act sikukhudzani, ngakhale mfutiyo ikadali m'mafuta ake a kufakitale, ndipo waranti yambiri imatsatira wogula woyamba yekha.

Pali msampha wina womwe umakola akatswiri kuposa ongoyamba kumene. Wampikisano aliyense amafuna kuti thako la mfuti likhale bwino paphewa ndi patsaya, choncho sabata yoyamba amathamangira kwa mmisiri kukadulitsa mtengo, kuikitsa chokwezera tsaya, kufewetsa chokhethemulira. Ambiri amadzaziranso okha zipolopolo kunyumba pofuna kupulumutsa ndalama. Zonsezi makhadi ambiri a waranti amazitchula ngati zifukwa zokanira kukonza. Ine ndimati mfuti yatsopano iyambe yadya mabokosi angapo a zipolopolo za kufakitale ndi kupita pa bolodi loyesera, sowo isanaikhudze. Mtengo ukadulidwa, mkangano umachoka pa chilema n'kupita pa amene adadula.

Kutumiza kuli ndi malamulo ake. Chifefe chotere chili m'gulu la mfuti zomwe sizifuna chilolezo chapadera choyendera nacho, kotero mukhoza kupita nacho nokha pa galimoto, chilibe chipolopolo. Mukaima panjira n'kutsika, chikhale m'buti yokhoma kapena pobisika m'galimoto yokhoma. Mukasankha positi, Canada Post imanyamula mfuti yopanda chipolopolo kupita malo a mkati mwa Canada mokha, pa njira yotetezeka koposa yomwe wolandira amasayinira, ndipo zipolopolo siziloledwa m'positi. Musanatseke bokosi, jambulani nambala ya mfuti ndi thako lake mbali zonse, ikani kalata yofotokoza vuto ndi makope a mapepala aja, ndipo lipirani inshuwalansi yofanana ndi mtengo wa mfutiyo. Kuwolotsa malire ndi ntchito ina yokhala ndi malamulo ndi zilolezo zake. Amene adagula motchipa kunja n'kuitanitsa yekha amadzazindikira apa kuti woitanitsa wa ku Canada akhoza kukana mfuti yomwe sidadzere m'manja mwake.

Chopweteka ndi kudikira. Mipikisano yambiri yapabwalo ku Ontario imachitika m'miyezi yofunda, ndipo chitsulo chikamayembekezeka kuchokera ku Italy muzikumbukira kuti mafakitale ambiri kumeneko amatseka pa tchuthi cha mu Ogasiti. Funsani tsiku lomwe mfuti ibwere, ndipo yankho likhale lolembedwa. Za pafoni zimauluka.

Nthawi zina mfuti imabwerera ndi kapepala konena kuti ili mkati mwa muyeso wa fakitale. Afunseni muyesowo m'manambala, muuyerekeze ndi mapepala anu. Pitani nayo kwa mmisiri wina wokhala ndi laisensi ya bizinesi ya mfuti, aione osakonza kanthu, akulembereni zomwe wapeza. Mukadzafuna kuti aikonze pa ndalama zanu, akupatseni mtengo woyerekeza wolembedwa, chifukwa ndime 10 ya lamulo lija la 2002 imaletsa kupitirira mtengowo ndi ndalama zoposa 10 peresenti pokhapokha mutagwirizana zina. Kenako lemberani sitolo kalata, kope lipite kwa woitanitsa: tsiku logula, vuto, maulendo omwe mfuti yapita kokakonzedwa, chomwe mukufuna, ndi tsiku lomaliza loyankhira. Ofesi ya boma ya Consumer Protection Ontario imafuna kuti muyambe mwalembera wamalondayo musanapite kwa iwo. Ikhoza kuyesa kukuyanjanitsani, ndipo ili ndi mndandanda wa Consumer Beware List womwe amalonda osayankha madandaulo amatha kulembedwapo, koma si khoti.

Khoti lake ndi Small Claims Court, nthambi ya Superior Court of Justice, yomwe ku Toronto ili pa 47 Sheppard Avenue East. Kuyambira mu 2020 inkaweruza milandu ya ndalama zosapitirira madola 35,000, ndipo pa 1 Okutobala 2025 malirewo adakwera kufika pa madola 50,000, omwe akukwanira pafupifupi chifefe chilichonse champikisano. Loya si wokakamiza. Mukhoza kudziimirira nokha kapena kulemba paralegal wovomerezeka ndi Law Society of Ontario. Mumadzaza fomu 7A, kulemba dzina lenileni la kampani monga lidalembetsedwera kuboma, osati la pachikwangwani chokha, ndipo wosumiridwa amakhala ndi masiku 20 oti ayankhe. Akatsutsa, mlandu usanazengedwe mbali zonse zimaitanidwa kumsonkhano woyesa kugwirizana pamaso pa woweruza, ndipo milandu yambiri imathera pamenepo. Lamulo la Limitations Act, 2002 limapereka zaka 2 kuchokera pomwe mudadziwa vutolo, choncho lembani tsikulo penapake ndipo musalole malonjezo a "tikukonzabe" akudyereni miyezi. Tsiku la khoti tengani lisiti, khadi la waranti, maimelo, zithunzi, lipoti la mmisiri ndi mapepala a pa bolodi. Mfutiyo isiyeni kunyumba yokhoma, pokhapokha khoti litalamula ndi kukonza njira yoibweretsera.