Mwana akazunzidwa, boma limafufuza bwanji?

Abale athu ambiri ochokera kunyanja amapita ndi ana kukagwira ntchito m'minda ya fodya kwa Mwase ku Kasungu, kutali ndi achibale. Mwana akachitiridwa nkhanza kumeneko, kapena kuno kwathu, timaopa kunena poganiza kuti boma litilanda mwanayo.

Zimayenda chonchi. Timaimba foni yaulere ya 116 kapena kupita kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Apolisi amalemba dandaulo ndi kupereka kalata yakuchipatala. Ngati mwana wagwiriridwa, afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV.

A ofesi ya Social Welfare amacheza ndi mwanayo mofatsa, amayendera pakhomo, amafunsanso makolo, aphunzitsi ndi anthu oyandikana nawo. Lamulo loteteza ana la 2010 limalola kumuchotsa pakhomo ngati ali pachiopsezo, koma khoti la ana ndilo limagamula komwe akhale. Apolisi amapitiriza kufufuza woganiziridwayo.

Ana ndi amanah yochokera kwa Allah. Mlandu wogwiririra tisamauthetsere pabwalo la mfumu kapena kumzikiti polipitsana ndalama. Tiziupititsa kupolisi tsiku lomwelo.