MAINA A ANA A KU HOLLAND NDI MAINA A ANA ATHU

Mwezi wa Juni ukafika, kuno ku Tsangano mphepo imaluma ndithu, ndipo amai odza ndi makanda ku ubatizo amawafunditsa nsaru ziwiri kapena zitatu, kotero kuti wansembe amayamba wafunafuna mphumi ya mwana asanathire madzi. Koma asanatero amafunsa makolo funso lalifupi: Kodi mwanayu dzina lache ndani? Ena ayankha msanga, pakuti anagona nalo dzinalo miyezi yambiri. Ena angoyang'anana, bambo kuyang'ana mai, mai kuyang'ana pansi, ndipo potsiriza atola dzina limene analimva pa wailesi dzulo lache. Nkhani yathu ya mwezi uno iri ya funso limeneli, koma tiyambira kutali, ku dziko la Holland.

Kapena wina adzati: Nanga ife alimi a kachewere, za ku Holland zitikhudza bwanji? Zitikhudza pang'ono. Mwa ansembe atatu a Montfort amene anatsegula misyoni ya Nzama m'boma lathu lino la Ntcheu m'chaka cha 1901, awiri, Bambo Pierre Bourget ndi Bambo Auguste Prézeau, anali a ku France, koma wachitatu, Bambo Antoine Winnen, anali wa ku Holland. Pambuyo pache anadza anzache ambiri a dziko lomwelo, ndipo mmodzi wa iwo, Ambuye Theunissen, anakhala arkiepiskopi woyamba wa Blantyre m'chaka cha 1959. Ambiri mwa agogo athu anabatizidwa ndi manja a anthu otere.

Kwao kwa ansembewa, m'mabanja a Akatolika munali mwambo wopatsa mwana maina a ubatizo awiri kapena atatu, olembedwa m'Chilatini, ndipo kawirikawiri ngakhale mwana wamwamuna amalandira dzina la Maria pakati pa mainawo. Koma pa khomo panalibe woitana mwana ndi mtolo wonsewo. Amadula dzinalo kuti likwane m'kamwa mwa mai woitana mwana ku chakudya. Chotero Johannes anasanduka Jan, Petrus anasanduka Piet, Nicolaas anasanduka Klaas, Margaretha anasanduka Griet, ndipo Antonius anasanduka Toon, kapena Teun, kapena Theunis. Mwana woyamba amatenga dzina la agogo ache, monga momwe ifenso timadzutsira dzina la malemu kuti lisafe pa mudzi.

Taonani tsono chodabwitsa. Maina amene amveka achilendo m'makutu mwathu ali omwewo amene tiitana nao ana athu ku dimba. Jan ndiye Yohane, dzina la Chihebri lonena kuti Mulungu wachita chisomo. Piet ndiye Petro, ndiko kuti thanthwe. Griet ndiye Margarita, la Chigriki, ndiko kuti ngale, kamwala konyezimira ka mtengo wapatali kopezeka m'nyanja. Kees, dzina lofala kwambiri kumeneko, lichokera kwa Cornelis, ndiye Kornelio, mkuru wa asilikali wa Chiroma uja amene Petro Woyera anambatiza. Ndipo ndilo dzina la Ambuye Cornelius Chitsulo, mwana woyamba wa dziko lino kukhala episkopi, amene anadzozedwa m'chaka cha 1957 kuti aweta nkhosa za ku Dedza pamodzi ndi ife a ku Ntcheu. Akadapita ku Holland ali mnyamata, anzache akadangomuitana kuti Kees.

Ngakhale maina a mabanja a kumeneko ali ndi mizu yotere. M'chaka cha 1811 mfumu Napoleon ya ku France, imene inalamulira Holland masiku amenewo, inalamula kuti banja liri lonse lilembetse dzina lokhazikika. Ambiri anangosunga dzina la atate ao: Jansen ndiye mwana wa Jan, Theunissen ndiye mwana wa Theunis. Kotero Bambo Winnen ndi Ambuye Theunissen onse awiri ananyamula Antonio, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Ife Angoni ndi Achewa sitidabwa nazo, pakuti tikamva kuti Nangozo kapena Naphiri tidziwa pomwepo mtundu umene mai ameneyo anabadwiramo.

Masiku ano anthu ambiri a ku Holland analeka kupita ku tchalichi, ndipo maina atali a Chilatini achepa. Makolo akonda maina afupiafupi. Bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira kulera ana, lochedwa Sociale Verzekeringsbank, limawerenga maina a makanda chaka ndi chaka. M'chaka cha 2020 dzina loposa onse kwa anyamata linali Noah, kwa asungwana Emma. Emma ndi dzina lakale la mitundu ya Chijeremani, lonena chinthu chathunthu. Koma Noah ndiye Nowa wa chingalawa uja, ndipo dzinalo linena mpumulo. Enanso okondedwa m'zaka zomwezo, monga Sem, Daan ndi Lucas, ndiwo Semu mwana wa Nowa, Danieli mneneri, ndi Luka mlembi wa Mthenga Wabwino. Mtengo anausadza nthambi, koma chitsa chiphukabe.

Nanga ife titengapo chiani? Choyamba ndi ichi, kuti dzina lachilendo siliposa lathu chifukwa chakuti lachokera kutsidya kwa nyanja. Anna m'Chihebri ndi chisomo. Sophie m'Chigriki ndi nzeru. Mai amene acha mwana wache Chisomo wanena zomwezo zimene ananena mai wa Chiyuda pocha mwana wache Anna. Malamulo a Eklezia a m'chaka cha 1983 apempha makolo, aimiriri a mwana ndi wansembe kuti asamale chinthu chimodzi, chakuti dzina lisakhale lotsutsana ndi mtima wa Chikristu. Chikondi, Mphatso, Madalitso, Tadala ndi Thokozani ali ndi malo ao m'buku la ubatizo, paokha kapena pambali pa dzina la woyera mtima womuyang'anira mwanayo.

Chachiwiri ncholemera koposa. Tonse tidziwa maina obadwa m'mkwiyo, amene mai acha mwana pofuna kulasa apongozi kapena mnansi amene anakangana naye, monga Mwandida kapena Ndaziona. Mkanganowo utha pakupita kwa mvula ziwiri, okanganawo adyeranso mbale imodzi. Koma mwana adzasenza mlanduwo ku sukulu, ku nchito, ku ukwati, kufikira pa mtanda wa pa manda ache. Iye sanalakwe kanthu.

Chifukwa chache, inu makolo amene muyembekezera mphatso m'miyezi ikudzayi, musadikire tsiku la ubatizo. Khalani pansi madzulo pamene moto uli kuyaka, itanani agogo ndi amalume, funsani tanthauzo la dzina limene mulifuna, ndi mbiri ya amene analinyamula kale. Tsiku lidzafika limene mwanayo adzakufunsani kuti, Amai, dzina langali munalitenga kuti? Mukhale nao mau oti mumuyankhe mosachita manyazi.