KASUNGIDWE KA KAMERA YA MASO AWIRI

Masiku ano anthu ambiri ajambula zithunzi ndi foni, koma alipobe ena amene akonda makamera akale a filimu. Pakati pa makamera amenewa pali mtundu wina wochedwa rangefinder, ndiko kunena kuti woyesa kutalika kwa mtunda. Kampani ya Leitz ku Wetzlar, m'dziko la Germany, inatulutsa Leica II m'caka ca 1932 ndi Leica M3 m'caka ca 1954. Ku Soviet Union anapanga FED ndi Zorki, ndipo ku Japan anapanga Canon ndi Yashica. Ambiri a makamerawa apyola zaka 50 kapena 70, ndipo amisiri odziwa kuwakonza ngowerengeka. Tsono mwini wace ayenera kudziwa m'mene kamera yotere inapangidwira, pakuti kasungidwe kace kacokera pomwepo.

Kamera imeneyi iri ndi timazenera tiwiri pamwamba pace, monga maso awiri a munthu. Wojambula akasuzumira aona pakati kamalo kowala, m'mene cinthu cimodzi cioneka ngati ziwiri. Apotoza lenzi, ndilo galasi lalikulu la kutsogolo, kufikira ziwirizo zitakhala cimodzi. Pamenepo adziwa kuti cithunzi cidzatuluka cakuthwa. Nchito yonseyi icitidwa ndi kagalasi kakang'ono m'katimo, kamene kayenda pa kamkono kokhudza kumbuyo kwa lenzi.

Mdani woyamba ndiye kugunda. Kamera ikagwa, kapena ikagwedezeka tsiku lonse pa kaliyala wa njinga m'mseu wa mabampu, kagalasi kaja kasuntha pang'ono. Coipa cace ncakuti kamera siionetsa kuti yadwala. Munthu ajambula ukwati wa mlongo wace, zithunzi 36 zathunthu, ndipo adzazindikira atatsukitsa filimu kuti nkhope zonse ziri mbuu, ukwati utapita kale. Cifukwa cace kamera iyenera kuyenda pa thupi la mwini wace, lamba atampingasa pa cifuwa, kapena m'cikwama cokhala ndi nsaru yofewa, kutali ndi makiyi ndi ndalama zacitsulo. Kuyesa kwace nkosabvuta: munthu aloze kamera ku mwezi kapena ku phiri lakutali, napotoze lenzi kufikira ku malire a kutali. Ngati ziwiri zija sizikumana, kamera ifuna mmisiri. Asayambe kumasula yekha tizitsulo tace, pakuti safunsa anadya phula.

Mdani waciwiri ndiye dzuwa. Mu Leica M3, FED ndi Zorki, cotsekera kuwala kuti kusafike pa filimu ndi kansaru kopyapyala kopakidwa mphira, ndipo pakati pa iko ndi lenzi palibe cochinga. Ana a sukulu adziwa kuti galasi lokuza zinthu litha kuyatsa pepala padzuwa. Lenzi icita cimodzimodzi: kamera ikasiyidwa cagada padzuwa la October, kansaruko kabooka m'kanthawi kocepa, ndipo zithunzi zonse zotsatira zikhala ndi banga loyera. A Canon anaika citsulo copyapyala m'malo mwa nsaru mu Canon P ya 1959, koma ico cikwinyika cikakhudzidwa ndi cala. Mankhwala ace ndi cibvundikiro ca lenzi. Koma apanso pali msampha: popeza diso la wojambula lipenyera pa kazenera, osati m'lenzi, iye aona zonse bwino ngakhale cibvundikiro ciri pomwepo, ndipo filimu ituluka yopanda kanthu. Wanzeru azolowera kukhudza lenzi ndi cala asanajambule.

Mdani wacitatu ndiye cinyezi. M'nyengo ya dzinja, kuyambira November kufikira March kapena April, cuku cimera m'magalasi monga cimera pa nsapato zosiyidwa kunsi kwa kama. Ciyamba ngati ulusi wa kangaude, ndipo cikakhalitsa cidya galasi osacokanso. Cuku cikonda mdima, mpweya wosayenda ndi cikumba. Cotero cikwama cacikumba ncabwino pa ulendo, koma coipa posungira. Kunyumba kamera ikhale pa alumali popita mphepo, kapena m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timatumba ta silica gel, tija tipezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Nato tifuna kuumitsidwa kawiri-kawiri. Makamera okhala ndi batire, monga Yashica Electro 35 ya 1966, acotsedwe batire akamasungidwa nthawi yaitali, pakuti ikacuca idya zitsulo. Filimu nayo iopa kutentha: isasiyidwe m'galimoto lotseka masana, ndipo yocokera m'firiji iyambe yafunda isanatsegulidwe, kuti mame angagwerepo.

Pomariza, kamera yobisidwa m'sutikesi zaka zambiri ionongeka msanga koposa yogwira nchito. Mafuta a m'kati mwace auma, ndipo tizitsulo tace tiyenda mwaulesi. Ngakhale mulibe filimu, mwini wace aitenge kamodzi pa mwezi, aikoke ndi kuiliza pa liwiro liri lonse, napotoze lenzi uku ndi uku. Kamera yoyenda ndi mwini wace tsiku ndi tsiku, yobvundikirika padzuwa ndi yogona pouma, idzajambula ana ace, ndiponso adzukulu.