Kampata Kochepa Kamene Kamadya Ndalama

Mukafuna kumudziwa mmisiri wosindikiza zinthu pa makina a 3D, muoneni pamene akuchotsa hinji yatsopano pa mbale ya makinawo. Amagwira mbali zonse ziwiri, n'kupinda pang'onopang'ono atatchera khutu. Ikalira pang'ono n'kuyamba kuyenda, nkhope imamasuka. Ikakana, amaiponya m'katoni ya pansi pa tebulo momwe muli zinzake, ndipo maola onse aja, magetsi ndi pulasitiki zapita.

Hinji yotereyi imatuluka itamangidwa kale, mbali ziwirizo zitalowerana, popanda bawuti. Chimene chimazilekanitsa ndi kampata kamene wojambula amasiya pa kompyuta, nthawi zambiri pakati pa 0.2 ndi 0.5 mm. Tangoganizani: kabowo kotulukira pulasitiki, kamwa ya makina, pa makina ambiri n'kokula 0.4 mm, ndipo pulasitiki ya PLA imatuluka itasungunuka pa madigiri pafupifupi 200, ikufufuma ngati phala lotentha. Kampata kakachepa, mbali ziwirizo zimawotcherana kukhala chinthu chimodzi. Kakakula, chivindikiro cha kabokosi chimagwedera ngati dzino la mwana.

Zojambula, kutentha mbale, kudikira, zonsezi amisiri amaphunzira m'sabata zochepa. Kampataka ndiko kamawakalambitsa. Wina amaloza mzere woyamba: kamwa ya makina ikayandikira mbale kwambiri, pulasitiki imaphwatalala n'kutseka mpata wa pansi, vuto limene amalitcha phazi la njovu. Mnzake amakana, akuti makina akungotulutsa pulasitiki yochuluka, chepetsani pang'ono basi. Wina amaumirira kuti mabowo amatuluka aang'ono kuposa mmene anajambulidwira, choncho amawakuza dala. Ogwiritsa pulasitiki ya PETG amadandaula za timaulusi tolumikiza mbali ziwirizo ngati ukonde wa kangaude, makamaka ulusi wa pulasitiki ukamwa chinyezi nyengo ya mvula. Onse akunena zoona, n'chifukwa chake mkanganowu sutha. Ochenjera amayamba asindikiza kachidutswa koyesera kokhala ndi mipata yosiyanasiyana, kuti adziwe khalidwe la makina awo. Ndipo m'malo mwa chikhomo chowongoka amajambula nsonga zopendekera madigiri 45, zimene makina amatha kumanga popanda chochirikizira.

Wina anganene kuti izi ndi zoseweretsa. Ine sindikutero, chifukwa ndimakumbukira kalipentala wa ku South Africa, Richard Van As, amene anaduka zala pa ntchito mu 2011. Iye ndi Ivan Owen wa ku America anapanga dzanja lotchedwa Robohand, ndipo mu 2013 anaika mapulani ake pa intaneti kwaulere. Anthu ongodzipereka a gulu la e-NABLE anapitiriza ntchitoyi, kusindikizira ana manja. Chala chilichonse cha dzanja lotere ndi mahinjesi okhaokha. Apa pali msampha umene umandivutitsa maganizo: ukachepetsa mapulani kuti dzanja likwane mwana wamng'ono, kampata kaja nakonso kamachepa, pomwe kamwa ya makina ikadali yomweyo. Zala zimene zinkapinda bwino pa dzanja lalikulu zimauma gwa pa laling'ono, ndipo mmisiri amakhala usiku ndi tupa ndi sandipepala, kupala mfundo imodziimodzi.

Chimandiwawa n'chakuti kasitomala sawona zonsezi. Amatenga kabokosi kake, amatsegula, amatseka, n'kufunsa chifukwa chake kanthu kopepuka chonchi kakudula. Amalipira hinji imodzi imene yayenda. Zimene zili m'katoni muja palibe amaziwerengera, ngakhale ulusi wake unagulidwa pa kilogalamu, nthawi zambiri kuchokera kunja. Ndipo mmisiri akangosintha ulusi, kuchoka pa woyera kupita pa wakuda, nthawi zina kampata kamene anakapeza movutikira dzulo sikagwiranso ntchito, ndiye amayambiranso ndi kachidutswa koyesera kaja.