Landilodi wa pa intaneti sapepeseka

Aliyense amene anachitapo lendi ku Machinjiri amadziwa mmene nkhani ya kutha kwa mwezi imayendera. Ndalama ikachedwa, landilodi amayamba ndi kukumbutsa. Masiku akapitirira amabwera yekha pakhomo, ndipo zikafika poipa, mumatsika minibasi madzulo kuchokera ku Limbe n'kupeza loko wachilendo pachitseko, katundu wanu yense ali m'kati. Komabe landilodi wa kuno ndi munthu. Mumatenga mkulu wa mpingo kapena mnansi wolemekezeka, kukagwada, kulonjeza tsiku, chitseko n'kutseguka.

Pali nyumba ina ya lendi imene anthu ambiri a m'dera lino alowamo osazindikira. Masukulu a pulaiveti, tizipatala ta m'makwalala, mashopu ogulitsa simenti ndi malata, ngakhale magulu obwereketsana ndalama, ena asiya kaundula wa pepala. Amaitana mnyamata wodziwa za kompyuta kuti awakonzere sisitemu yolembamo mayina a ana, fizi yomwe yalipidwa, ngongole za makasitomala ndi zotsala m'sitolo. Zonsezi zimakalowa m'nkhokwe imene akatswiri amaitcha database. Nkhokweyo nthawi zambiri sikhala pa kompyuta ya mu ofesi. Imakhala mu cloud, kutanthauza makompyuta a kampani ina amene mumachita kubwereka kudzera pa intaneti. Microsoft inatsegula malo otere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024. Dzina la mwana wa Sitandade 4 wa ku Machinjiri Area 5 likhoza kukhala likugona kumeneko, kapena kutali kuposa apo.

Sindikuwadzudzula amene anasamukira ku cloud. Tonse tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Blantyre mu Malichi 2023: madzi ndi matope zinalowa m'nyumba ndi m'maofesi, mabuku ndi ziphaso n'kusanduka phala. Kaundula amene ali ku Cape Town mvula ya kuno siimufika, chiswe sichimudya, mbava yothyola zenera siimunyamula. Koma ali pa lendi, ndipo lendiyo imatha.

Ikatha, zimene zimatsatira zimafanana pafupifupi m'makampani onse. Poyamba amatumiza makalata ochenjeza pa imelo. Kenako nkhokwe imakiyidwa: zonse zikadalimo, koma sisitemu ya mu ofesi imakana kutseguka, ndipo kalaliki amangoganiza kuti netiweki yavuta. Apa pamayamba masiku owerengeka okudikirani. Mukalipira m'masiku amenewa, loko amachoka, ntchito n'kupitirira ngati palibe chachitika. Masikuwo akatha, makina amafufuta nkhokweyo okha, popanda munthu woti mungamugwadire.

Kutalika kwa nthawi yodikirayi n'kosiyanasiyana. Ku Google Cloud, polojekiti yomwe yatsekedwa ikhoza kubwezeretsedwa m'masiku 30. Ku Amazon, akaunti ikatsekedwa pamakhala masiku 90 oti mwini wake ayitsegulenso. Zaulere ndiye zosachedwa kutha. Kampani ya Heroku, imene ophunzira ndi akatswiri ongoyamba kumene ankaikonda chifukwa sinkalipiritsa, inathetsa ntchito zake zaulere pa 28 Novembala 2022, nkhokwe zaulere zomwe. Mnyamata amene akufuna kuti kasitomala asadandaule za mtengo amakopeka kuika sisitemu pa malo aulere otere, osamuuza mwini sukulu kuti pali tsiku lomwe idzathe.

Apa m'pamene pagona vuto lathu lenileni. Makalata ochenjeza aja amapita ku imelo ya amene anatsegula akaunti, ndipo kawirikawiri ameneyo si mwini bizinesi. Ndi mnyamata uja, amene mwina anapeza ntchito ku Lilongwe, kapena anapita ku Joni, kapena munakangana naye pa malipiro n'kusiya kuyankha foni. Pasiwedi ili kwa iye, khadi yolipirira ndi yake. Mwini sukulu amati sisitemu ndi yake popeza anaigula, pomwe kwa kampani ya cloud iye sadziwika n'komwe.

Onjezerani apo nkhani ya ndalama zakunja. Lendi imeneyi imalipidwa m'madola, kudzera pa khadi ya banki. Airtel Money ndi Mpamba zimene timalipirira madzi ndi magetsi, makampani akuluakuluwa sazilandira mwachindunji. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bilu yomwe sinasinthe m'madola inakwera m'makwacha tsiku limodzi. Ndipo ndi kusowa kwa madola m'mabanki, khadi ikhoza kukanidwa ngakhale mu akaunti muli ndalama. Kampani ya kunja sidziwa za mavuto a forex a ku Malawi. Imangoona kuti malipiro sanalowe, n'kuyamba kuwerenga masiku.

Wina anganene kuti izi zimagwera osauka ndi osadziwa. Ayi. Mu Meyi 2024, UniSuper, bungwe losunga ndalama za penshoni ku Australia lomwe lili ndi mamembala oposa theka la miliyoni, linadzuka n'kupeza kuti malo ake pa Google Cloud afufutidwa. Google inafotokoza kuti pokhazikitsa malowo, ogwira ntchito ake anasiya kabokosi kamodzi kosadzaza, ndipo makina anadziikira okha nthawi ya chaka chimodzi. Chakacho chitakwana, anafufuta popanda chenjezo lililonse kwa kasitomala. Kwa masiku opitirira sabata anthu sankatha kuona ndalama zawo pa intaneti. Chimene chinawapulumutsa ndi makope amene anali atasungidwa kwina, ena mwa iwo ku kampani ina yosiyana ndi Google.

Kope lotereli akatswiri amalitcha backup, ndipo nkhokwe ikafufutidwa, njira yobwerera ndi yokhayi. Ndi bwino kudziwiratu kuti kubwezeretsa si kuukitsa nkhokwe yakale ija. Amamanga yatsopano kuchokera pa kope, nthawi zambiri yokhala ndi adiresi yatsopano, ndipo sisitemu iyenera kulozedwanso kumeneko. Zonse zimene zinalembedwa kopelo litatengedwa kale zimakhala zapita. Ngati kope lomaliza ndi la mu Januwale ndipo ngozi yagwa mu Juni, fizi ya miyezi isanu muziifunafuna m'malisiti a makolo, ndipo kholo limene linataya lisiti lake lidzalumbira kuti linalipira. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti makope amene kampani imatenga yokha tsiku ndi tsiku amatha kufufutika limodzi ndi nkhokwe, ngati pofufuta simunasankhe kuwasunga.

Amalawi tinalawapo kuwawa kwa sisitemu yokiyidwa. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi ya Immigration inasiya kusindikiza mapasipoti, ndipo mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti alowerera sisitemu ya mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kusindikiza kunayambiranso mu Malichi. Chomwe chinachititsa n'chosiyana ndi kutha kwa lendi, koma amene anali ndi ulendo wa kuchipatala kunja, wa sukulu kapena wa geni anamva ululu womwewo, ndipo dziko lonse linayamba kufunsa kuti makiyi a sisitemu ya boma amasunga ndani. Funso lomwelo likuyenera kufunsidwa mu ofesi ya sukulu iliyonse ya ku Machinjiri.

Nkhaniyi ilinso ndi mbali ina imene imandidetsa nkhawa kuposa. Si nkhokwe iliyonse yoyenera kupulumutsidwa. Sukulu ikatsekedwa, kapena gulu la ngongole likatha, nkhokwe yake imangosiyidwa ili ndi mayina a ana, masiku awo obadwa, manambala a foni a makolo, manambala a zitupa za unzika, mwinanso matenda a odwala. Palibe akuiyang'anira, pasiwedi yake ndi yakalekale, ndipo anthu a zachinyengo amene amatiimbira foni n'kutitchula dzina lathu lenileni amasakasaka zinthu zoterezi. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Amene watolera mbiri za anthu ali ndi udindo pa izo, ngakhale bizinesi itagwa. Kudikira kuti kampani ya cloud idzafufute yokha si kusamala. Mwini wake atenge zofunika kusunga, afufute nkhokweyo mwadala, ndipo aonenso makope amene anatengedwa pamanja, chifukwa amenewo amatsala ndipo bilu yake imabwerabe.

Kwa aphunzitsi aakulu, eni mashopu ndi asungichuma a magulu, pempho langa ndi ili: muitaneni amene anakukonzerani sisitemu sabata ino, mukadali pa ubale wabwino. Akaunti ilembedwe pa imelo ya bungwe lanu, imene anthu awiri odalirika amatha kutsegula. Akuonetseni mmene amatengera kope, mulisunge pa fulashi kapena pa kompyuta ina, ndipo tsiku lina ayesere kulibwezeretsa inu mukuona, chifukwa makope ena amapezeka opanda kanthu pa tsiku la tsoka. Akakuuzani tsiku lotha lendi, mulilembe pa kalendala ya pakhoma, pomwe mumalemba masiku a mayeso ndi a msonkhano wa makolo.