Tizotupa ta m'ndulu: chenjezo kwa amene mimba yayamba kutsogola

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi amaidziwa ndulu, kathumba kobiriwira komamatira ku chiwindi kamene kakaphulika nyama yonse imawawa. Munthunso ali nayo ndulu, cha kumanja kunsi kwa nthiti. Ntchito yake ndi kusunga madzi owawa opangidwa ndi chiwindi, amene amathandiza kugaya zakudya za mafuta.

Nthawi zina m'kati mwa kathumbaka mumamera tizotupa tonga njerewere. Pa anthu akuluakulu 100 alionse ojambulidwa m'mimba ndi makina a sikani, pafupifupi 5 amapezeka nato. Ambiri samva kupweteka kulikonse, ndipo timapezeka pamene munthu wapita kukajambulitsa vuto lina.

Tambiri mwa tizotupati si khansa ayi. Ndi mafuta otchedwa kolesitolo amene achuluka m'madzi a ndulu n'kumaunjikana pa khoma lake. Chimene madokotala amayang'ana kwambiri ndi kukula kwake. Malinga ndi malangizo amene madokotala a ku Ulaya anatulutsa mu 2022, kachotupa kofika mamilimita 10, kukula kwake ngati njere ya chimanga, kamafunika opaleshoni yochotsa ndulu yonse chifukwa kakhoza kukhala khansa. Ka mamilimita 6 mpaka 9 amakaunikanso pakatha miyezi 6, chaka chimodzi ndi zaka 2, koma kwa munthu wopitirira zaka 60 amalangiza kuchotsa. Munthu amakhala bwinobwino wopanda ndulu, pakuti chiwindi chimapitiriza kupanga madzi aja.

Nanga amapezeka nato kwambiri ndani? Kafukufuku wa ku China, Korea ndi Taiwan waonetsa kuti ndi abambo kuposa amayi, anthu onenepa, amene mafuta achuluka m'chiwindi, ndiponso amene ali ndi kachirombo ka hepatitis B. Tizotupati timakondanso kuyendera limodzi ndi vuto limene madokotala amalitcha metabolic syndrome. Munthu ali nalo vutoli ngati wapezeka ndi zitatu mwa zisanu izi: mimba yokula kufika masentimita 94 kwa abambo kapena 80 kwa amayi, BP yofika 130/85, shuga wofika 5.6 m'magazi asanadye kanthu m'mawa. Kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Ndi kuchepa kwa kolesitolo wabwino amene amateteza mitsempha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kachotupa kameneka kawirikawiri sikapha, koma zimene timayenda nazo, monga shuga ndi BP, zimadzetsa sitiroko ndi matenda a mtima. Tinazolowera kunena kuti mimba yaikulu ndi kupeza bwino. Koma munthu amene wasiya khasu n'kumakhala tsiku lonse m'golosale, akudya kanyenya, tchipisi ndi mandasi, n'kutsitsira zakumwa za shuga kapena mowa, thupi limalemedwa.

Choncho tengani tepi ya telala muyeze mimba yanu kudutsa pa mchombo. Kayezetseni BP ndi shuga ku chipatala. Idyani nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe ndi nkhwani, ndipo chepetsani mafuta ophikira, mchere ndi shuga. Yendani pansi kapena kupalasa njinga tsiku lililonse. Zimenezi sizisungunula kachotupa kamene kamera kale, koma zimatsitsa shuga, BP ndi mafuta m'magazi.

Ngati mukumva kupweteka kumanja kunsi kwa nthiti mukadya za mafuta, kapena maso asanduka achikasu, musataye nthawi ndi zitsamba. Pitani ku chipatala mukajambulitse.